KHUTU NDI MUYESO PA MLANDU WA AMPULIFAYA

Masiku apitawa ndinakhala nao pa msonkhano wa kabungwe ka makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ina ya kuno kwathu. Nkhani imene inatisonkhanitsa inaoneka ngati yosavuta. Makolo akhala akusonkha ndalama kwa zaka ziwiri kuti agule ampulifaya, makina aja okuza mau, yoti izigwira nchito mu holo ya sukulu pa masiku a misonkhano, a mipikisano ya kwaya ndi a masewero. Ogulitsa awiri anabweretsa katundu wao. Ampulifaya ya woyamba inali yaing'ono, yakuda, yosakopa maso. Ya waciwiri inali yolemera, yonyezimira, ya timagetsi tophethira, ndipo mtengo wake unaposa wa inzake katatu.

Pamenepo panabuka mkangano pakati pa akulu awiri olemekezeka. Oyamba ndi bambo amene akhala akukonza mawailesi kuyambira masiku a mavalavu. Iwo anati: "Ndipatseni pepala la manambala a makina awa, ndipo ndikuuzani ampulifaya yabwino musanaiyatse n'komwe." Aciwiri ndi aphunzitsi a nyimbo, amene atsogolera kwaya kwa zaka zambiri. Iwo anaseka nati: "Ana athu sadzabwera muno kudzamvera manambala. Yatsani makina onse awiri, khutu langa lisankhe." Makina anayatsidwa, aphunzitsi anasankha yonyezimira ija, okonza mawailesi anapukusa mutu, ndipo dzuwa linalowa tisanamange mfundo.

Ndinabwerera kunyumba ndikusinkha-sinkha, pakuti mkangano umenewu sunayambire pa sukulu yathu. Wakhala ukusautsa akatswiri a ku Britain ndi ku America kwa zaka zoposa 60. Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya anthu okhuta, koma aliyense amene anaimako m'sitolo ali ndi malipiro a mwezi wathunthu m'thumba, wogulitsa akumuuza kuti "mverani nokha, bwana," adziwa kuti pali ndalama ya thukuta imene ingatayike. Maganizo anga ndi awa: khutu ndilo woweruza wamkulu pa mlandu uwu, koma ndi woweruza amene amalandira ciphuphu kucokera kwa maso. Cifukwa cake sayenera kukhala pa bwalo popanda mboni yochedwa muyeso, ndipo poweruza maso ayenera kutulutsidwa kunja.

Tiyambe tamvana za nchito ya ampulifaya. Mau ocokera mu maikolofoni, mu cimbale kapena mu foni amafika monga kamphamvu kakang'ono ka magetsi, kosatha kugwedeza sipika. Ampulifaya imatenga kamphamvu kameneko ndi kukakuza, osaonjezapo kanthu, osacotsapo kanthu. Iri ngati womasulira pa msonkhano wa mfumu: akamva mau onenedwa motsitsa, iye awafuule monga momwe anenedwera. Womasulira amene akometsa mau a mfumu ndi nthabwala zake angasangalatse anthu, koma walakwira nchito yake. Ngati tavomereza zimenezi, ndiye kuti funso lakuti "kodi ampulifaya iyi ndi yokhulupirika?" lingathe kuyankhidwa mwa kuyerekeza cimene calowa ndi cimene caturuka. Apa ndi pamene a muyeso aima.

MBONI YA MUYESO

Mbiri iri ku mbali yao pa zinthu zambiri. M'caka ca 1927 injiniya wa ku Bell Laboratories, Harold Black, anali kuwoloka mtsinje wa Hudson pa boti popita ku nchito ku New York, pamene anapeza njira yocepetsera kupotoka kwa mau m'mizere ya telefoni. Njira yake inali yakuti gawo lina la mau oturuka libwezedwe polowera, kuti makina adziyerekeze okha ndi kucotsa colakwa cao. Iye analemba masamu ake pa nyuzipepala imene inali m'manja mwake. Pafupi-fupi ampulifaya iriyonse imene inu ndi ine tinamvapo imagwiritsa nchito nzeru imeneyi, ndipo inabadwa mwa masamu ndi muyeso. M'caka ca 1945 Harold Leak wa ku London anaturutsa ampulifaya yochedwa Point One, dzina lotanthauza kuti kupotoka kwa mau ake sikunapitirire 0.1 peresenti, ndipo mu 1947 D. T. N. Williamson anafalitsa mu magazini ya Wireless World mapangidwe amene anthu zikwi-zikwi anawatsanzira m'maiko ambiri.

Kupotoka kumeneku kumayesedwa motere. Mulowetsa mu ampulifaya liu limodzi loyera, lonjenjemera ka 1,000 pa sekondi. Ampulifaya yangwiro ikanaturutsa liu lomwelo lokha, koma yeni-yeni imaturutsanso timau tina tating'ono tonjenjemera ka 2,000, ka 3,000, ka 4,000, ndi kupitirira. Timau tonseti tikaphatikizidwa ndi kuyerekezedwa ndi liu loyamba lija, timapereka nambala imene pa mapepala a makina imalembedwa kuti THD. Kuonjezera apo amayesa ngati ampulifaya ikukuza mofanana mau onse, kuyambira a besi onjenjemera ka 20 pa sekondi kufikira opyapyala a ka 20,000, amene ndiwo malire a khutu la mwana. Amayesa phokoso la "sss" limene makina amaliza okha. Ndiponso amayesa mphamvu yake mu mawati.

Muyeso ndiwo umateteza wogula kwa wogulitsa wa pakamwa potsekemera. Ku America opanga makina anafika ponama kwambiri pa nkhani ya mawati, kotero kuti mu 1974 bungwe la boma la Federal Trade Commission linaika lamulo. Wogulitsa anakakamizidwa kunena mphamvu imene ampulifaya ingapereke mosalekeza, mbali zonse ziwiri zikugwira nchito, kuchula mtundu wa sipika ndi kuculuka kwa kupotoka kwa mau. Ndipo makinawo anayenera kuyamba atenthetsedwa kwa ola lathunthu asanayesedwe. Manambala ambiri odzitama anafota tsiku lomwelo. Ife kuno tidziwa makatoni aja olembedwa manambala akulu-akulu ndi zilembo zakuti PMPO. Tiyerekeze katoni yalembedwa mawati 3,000, koma kumbuyo kwa makina kwalembedwa kuti amadya mawati 60 kucokera ku magetsi a pa khoma. Kodi nkhokwe imene munathiramo matumba 60 ingaturutse matumba 3,000? Khutu lokha, m'mphindi zisanu za m'sitolo, silingagwire bodza lotere. Woligwira ndi munthu wodziwa kuwerenga kumbuyo kwa makina.

MBONI YA KHUTU

Komabe aphunzitsi athu a nyimbo sali opanda mfundo, ndipo a muyeso anacititsidwapo manyazi. M'zaka za m'ma 1960 mathiranzisita anayamba kulowa m'malo mwa mavalavu. Pa pepala makina atsopanowo anaoneka oposa akale m'zonse, koma anthu ambiri omvera anadandaula kuti mau ake ndi ouma, olasa m'makutu ndi otopetsa. Poyamba anasekedwa kuti ndi okonda zakale. Pambuyo pake kunadziwika kuti anali kumva cinthu ceni-ceni. M'makina ambiri a nthawi imeneyo mathiranzisita awiri anali kugawana nchito monga amai awiri osinja mu mtondo umodzi, wina akakweza munsi mnzake akutsitsa. Pa kamphindi kopokezana panali kukhala kampata. Kampata kameneka kukula kwake kunali kumodzi-modzi, kaya nyimbo yakwezedwa kaya yatsitsidwa. Motero pa muyeso wa mphamvu yonse kanali kubisika, koma munthu akamvera motsitsa usiku m'nyumba mwake, kanali kumveka. Akatswiri anali kuyesa moona, koma pa malo olakwika.

Ngakhale nambala ija ya THD iri ndi cilema cimene woyimba kwaya aliyense angacimvetse msanga. Kaliu konjenjemera kawiri kuposa liu loyamba kali monga "do" wapamwamba pa "do" wapansi. Kakatatu kali monga "so" wa pamwamba pake. Timeneti timagwirizana ndi nyimbo, ndipo khutu limatilekerera ngakhale titaculukirapo. Koma kacisanu ndi ciwiri, kacisanu ndi cinai ndi tina ta pamwamba tiri ngati munthu mmodzi wosemphana ndi anzake mu kwaya ya anthu 40: ngakhale ayimbe monong'ona, mudzamumva. THD imawerenga onsewa mofanana, woyimba bwino ndi wosokoneza yemwe. Injiniya wa ku BBC, D. E. L. Shorter, anacenjeza za cimeneci mu 1950, napempha kuti timau ta pamwamba tiziwerengedwa molemera kuposa ta pansi. Mu 2003 Earl Geddes ndi Lidia Lee anasonyeza mwa kuyesa anthu omvera kuti THD payokha siilosera bwino cimene khutu lidzadana naco. Ndiponso mu 1970 Matti Otala wa ku Finland anafotokoza mtundu wina wa kupotoka umene umabuka mau akasintha mwadzidzidzi, monga ng'oma ikamenyedwa, umene liu limodzi losasintha lija silinali kuuonetsa. Akatswiri anatsutsana kwa zaka za kukula kwa vuto limenelo, koma mapeto ake anaonjeza miyeso yatsopano, ndipo makina anakonzedwa.

Zotere ndizo zinapatsa mphamvu a gulu la khutu. J. Gordon Holt anayambitsa magazini ya Stereophile mu 1962, ndipo Harry Pearson anayambitsa The Absolute Sound mu 1973, onse awiri ndi colinga coweruza makina mwa kuwamvera. Ku mbali ina kunali Julian Hirsch wa magazini ya Stereo Review, amene kwa zaka zambiri anakhulupirira zipangizo zake zoyesera. Magulu awiriwa ananyozana koopsa. Koma taonani bwino phunziro la nkhani zonsezi. Nthawi iriyonse pamene khutu linagwira colakwa ceni-ceni, muyeso unapita kukacifuna ndi kucipeza, ndipo colakwaco cinacotsedwa ndi anthu a masamu. Khutu linaloza tsinde pamene njoka yalowa; wokumba ndi khasu anali muyeso.

ZILEMA ZA WOWERUZA

Tsopano tiyeni tiyang'ane woweruza wathu, pakuti nayenso ali ndi zilema zitatu zazikulu. Coyamba, amaiwala msanga. Munthu angakumbuke nyimbo kwa zaka 50, koma kamvekedwe kake keni-keni kamayamba kuzimirira m'mutu patangopita masekondi owerengeka. Pamene wogulitsa akumasula mawaya ku ampulifaya iyi ndi kumanga ku inzake, cimene mukuyerekeza ndi cikumbukiro cabe.

Caciwiri, amanyengedwa ndi kukwera kwa mau. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anasonyeza mu 1933 kuti khutu silimva mau a besi ndi opyapyala bwino pamene nyimbo iri yotsika, ndipo limayamba kuwamva mokwanira ikakwezedwa. Cotsatira cake ndi cakuti ampulifaya imene yakwezedwa pang'ono cabe, pang'ono kwambiri kotero kuti simungazindikire kuti yakwezedwa, idzamveka kwa inu ngati "yodzaza," "yoyera," "yamoyo." Ogulitsa ocenjera amacidziwa cinsinsi cimeneci. Pa msonkhano wathu uja palibe amene anaonetsetsa kuti makina awiriwo akulira mofanana.

Cacitatu ndi ciphuphu ca maso cija. Mu 1976 Harry McGurk ndi John MacDonald a ku Britain anaonetsa anthu filimu ya munthu amene milomo yake inali kunena "ga," pamene mau oikidwapo anali "ba." Anthu ambiri anamva "da," liu limene silinanenedwe konse, ndipo atatsinzina anamva "ba." Ngakhale munthu wouzidwa kale za cinyengo cimeneci amagwabe m'mbuna momwemo. Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive anayesa anchito a kampani ya Harman ndi masipika angapo, poyamba atabisidwa kuseri kwa nsalu, kenaka akuoneka. Ataoneka, masipika akulu ndi odula anakwera m'mamalikisi, ndipo aang'ono ochipa anatsika. Akatswiri ozolowera kumvera ananyengedwa pamodzi ndi anthu wamba. Amenewo anali masipika, amene kusiyana kwao ndi kwakukulu. Nanga kuli bwanji maampulifaya, amene kusiyana kwao ndi kocepa? Aphunzitsi athu sananame pamene anati yonyezimira ija ikumveka bwino. Anamvadi zimenezo. Koma akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo maso ndiwo amakopeka ndi mkuyu.

PAMENE MASO ANATULUTSIDWA

Kodi cimacitika nciani maso akatulutsidwa pa bwalo? Zayesedwa kangapo. Mu 1978 kampani ya Quad ya ku England, ya Peter Walker, inapempha katswiri James Moir kuti asonkhanitse anthu ozolowera kumvera ndi kuwayesa ndi maampulifaya atatu a kampaniyo: Quad II ya mavalavu ya 1953, 303 ya mathiranzisita ya 1967, ndi 405 ya 1975. Kukwera kwa mau kunalinganizidwa, makina sanakankhidwe kupitirira malire ao, ndipo omvera sanadziwe imene ikulira. Mayankho ao sanasiyane ndi a munthu wongolota. Wina angati kampaniyo inali ndi cidwi pa zotsatira, ndipo cimeneco ndi coona. Tiyeni tsono tione ena.

Mu 1982 David Clark wa ku Michigan anafotokoza njira yochedwa ABX. Mumamvera A, mumamvera B, kenaka mumamvera X, amene ali mmodzi mwa awiriwo, ndipo ngakhale woyendetsa mayeso sadziwa kuti ndi uti. Nchito yanu ndi kungonena kuti X ndi A kapena B. Mu January 1987 magazini ya Stereo Review inafalitsa mayeso otere, amene Clark anayendetsa. Pakati pa makina oyesedwa panali Pioneer ya madola pafupi-fupi 220 ndi maampulifaya a mavalavu a Futterman a madola 12,000. Omvera anali a magulu onse awiri, okhulupirira ndi okayika. Mayankho olondola onse pamodzi anali pafupi-fupi theka, cimodzi-modzi ndi kuponya ndalama m'mwamba.

Nkhani imene indikondweretsa koposa ndi ya Bob Carver. Mu 1985 iye anauza akonzi a Stereophile kuti asankhe ampulifaya iriyonse imene aikonda, ya mtengo uliwonse, ndipo iye adzasintha yake ya mathiranzisita, yosafika madola 1,000, kuti imveke cimodzi-modzi. Iwo anasankha ya mavalavu yodula kangapo konse. Carver anapita ku Santa Fe kumene kunali magaziniyo, namanga makina awiriwo mwa njira yakuti mau a imodzi azicotsedwa ku mau a inzake. Cotsala cinali kusiyana kwao. Kwa masiku owerengeka anasintha-sintha tizipangizo kufikira cotsalaco cinatsika kwambiri. Akonzi aja, eni ake a makutu ochuka, anavomera poyera kuti sanathe kuwasiyanitsa. Nkhani imeneyi imadzudzula magulu onse awiri. Kwa onena kuti maampulifaya onse amamveka mofanana, iwakumbutsa kuti Carver anayenera kugwira nchito kuti afananitse awiriwo, ndiye kuti poyamba anali osiyana. Kwa onena kuti mu ampulifaya yodula muli mzimu umene muyeso sungaupeze, iwaonetsa kuti mzimuwo unagwidwa ndi mawaya ndi mita.

Ndisapitirire malire a umboni. Mayeso amenewa sanena kuti palibe munthu pa dziko lapansi amene angamve kusiyana kwina kuli konse. Amanena kuti pakati pa maampulifaya opangidwa bwino, olira mofanana ndiponso osakankhidwa kupitirira mphamvu zao, kusiyana ndi kocepa kotero kuti anthu amene analumbira kuti akukumva analephera kukuloza maina atabisidwa. Pali nthawi zina pamene kusiyana kumamveka ndithu, ndipo cifukwa cake cimadziwika. Sipika yolembedwa kuti 8 ohms siikhala pa 8 nthawi zonse. Pa mau ena imatsika kufika pa 4 kapena kucepera, pa ena imakwera kupitirira 20. Ampulifaya zambiri za mavalavu zimagonjera kusintha kumeneku, motero mau ena amakwera pang'ono, ena amatsika. Ndiponso ampulifaya yaing'ono ikakakamizidwa kudzaza holo yaikulu, imadula nsonga za mau ndi kuyamba kukhadzula, ndipo kukhadzula kumeneko kumaocha timasipika ta mau opyapyala. Zonsezi khutu limazimva, ndipo zonsezi mita imazionetsa.

KUKOMA NDI KUKHULUPIRIKA

Patsala mfundo imodzi imene a khutu amaigwiritsitsa, ndipo ndiyenera kuilemekeza. Iwo amati: "Nanga ngati ine ndikonda mau a mavalavu, ngakhale ali opotoka, mita ikundiletsa ndi ufulu wanji?" Siikuletsani ai. Ife a m'Zambia tiyenera kumvetsa cimeneci kuposa ena, pakuti m'zaka za m'ma 1970 magitala a Paul Ngozi ndi Ngozi Family, a WITCH ndi a Amanaz anali kubangula ndi mau opotozedwa dala, ndipo nyimbo zimenezo zafika pofunidwa ndi anthu a maiko akutali. Munthu wakuyesa gitala yotere ndi mita nati iri ndi colakwa, akanasekedwa ndi Copperbelt yonse. Koma ampulifaya ya gitala ndi mbali ya coyimbira. Nchito yake ndi kupanga mau. Ya mu holo ya sukulu kapena ya m'nyumba nchito yake ndi kupereka mau amene ena anapanga kale. Mukamvera cimbale ca Paul Ngozi, mufuna kumva kubangula kumene iye anasankha, osati kumene makina anu aonjezapo. Wokonda tsabola athire m'mbale yake, ndipo palibe womuletsa. Koma asatiuze kuti mphika wothiridwa kale tsabola ndiwo ukusonyeza kukoma kweni-kweni kwa nyama, ndipo asatilipiritse katatu cifukwa ca tsabolayo.

Cotero ciweruzo canga ndi ici. Pa funso lakuti ndi ziti zimene munthu amamva ndi zimene samva, khutu ndilo mwini mau otsiriza, ndipo miyeso yonse yaphindu inacokera ku mayeso a anthu omvera. Pa funso lakuti ampulifaya iyi ndi yokhulupirika kapena iai, muyeso wokwanira, wocitidwa pa mphamvu yocepa ndi yaikulu, pa mau otsika ndi okwera, ndi sipika yeni-yeni, ndiwo mboni yodalirika koposa, maka-maka masiku ano pamene makina ena kupotoka kwao kwatsika kufika pansi pa 0.001 peresenti. Kumvera kumene kungatsutse muyeso ndi kuja kocitika maina atabisidwa ndi mau atalinganizidwa. Kumvera kwa m'sitolo, mtengo uli poonekera, ndi umboni wa munthu amene wadya kale nsima ya mmodzi wa otsutsana.

Pa msonkhano ukubwerawu ndidzapempha kabungwe kathu kuti ticite zinthu zitatu. Coyamba, okonza mawailesi aja afunse ogulitsa mphamvu yosalekeza ya makina ao, pa sipika ya ma ohms angati, ndi pa kupotoka kotani. Wokana kuyankha wadziweruza yekha. Tikumbukirenso kuti kuwirikiza mawati kawiri kumakweza mau pang'ono cabe, ndipo kuti mau amveke ngati akwera kawiri pafunika mphamvu yoposa pafupi-fupi kakhumi. Conco kusiyana kwa mawati 100 ndi 120 sikoyenera kulipirira ngwee ngakhale imodzi. Caciwiri, makina onse awiri alire mu holo momwemo kwa ola lathunthu masana kukutentha, tione imene idzatentha ndi kudzizimitsa, ndipo tifunse ngati zipangizo zokonzera zimapezeka m'dziko muno. Zimenezi khutu silingazidziwe, koma ndizo zidzatipweteka caka camawa.

Cacitatu, tidzaphimba makina onse awiri ndi citenje. Okonza mawailesi adzalinganiza kulira kwao ndi mita pa mawaya a sipika, kuti kusiyana kusapitirire 1 peresenti. Mwana wa sukulu adzaponya ndalama kuseri kuti isankhe ampulifaya yolira, ndipo aphunzitsi athu, atafulatira, adzanena kuti ndi iti, maulendo 16. Munthu wongolota amalondola ka 12 kapena kuposa apo pa mipata yosakwana 4 mwa 100. Cotero akalondola ka 12, ine ndidzakhala woyamba kuimirira ndi kunena kuti khutu lao lamva cinthu coona, ndipo tidzakambirana ngati cinthuco ndi coyenera mtengo wake. Akalephera, palibe manyazi, pakuti adzakhala m'gulu limodzi ndi akonzi a Stereophile. Ndalama yotsala tidzagulira masipika abwino ndi makatani okhuthala otsekera phokoso lobwerera la m'holo yathu ya malata, popeza sipika ndi cipinda zimasintha mau kuposa ampulifaya iriyonse yopangidwa bwino, ndipo pamenepo khutu la aphunzitsi lidzafunika kwambiri.

Mutu umodzi susenza denga. Akulu awiri aja afunikana, ngakhale pakali pano sakupatsana moni mokondwa. Ndipo inu awerengi, tsiku limene wogulitsa adzakuuzani kuti "mverani nokha, bwana," muyankheni mwaulemu kuti mwavomera, koma ayambe waphimba mtengo ndi dzina la makina, ndipo cokwezera mau cikhale m'manja mwanu.